BWATO LAMAPASA LIYENERANE NDI OKWERAMO

Wolemba Mtolankhani Wathu

Kapenta wa ku Siavonga amene amai a kwa Mfumu Pembamoyo amagula pamsika sagwidwa ndi bwato lamtengo ai. Asodzi a pa nyanja ya Kariba amaima pa thandala loyalidwa pamwamba pa migolo iwiri yaitali yacitsulo, yoyandama moyandikana. Pa thandala limeneli mpamene amapacika nyali ndi kutsitsa khoka usiku. Bwato la matupi awiri lotere azungu amalicha katamarani, dzina limene analitenga kwa Atamili a kum'mwera kwa India, ndipo tanthauzo lake ndi mitengo yomangidwa pamodzi. Ife m'nkhani ino tilicha bwato lamapasa.

Alipo mabwato ena amapasa amene alibe injini ndipo sagwira nsomba. Awa amayenda ndi mphepo yokha, yokankha nsaru yaikuru yocedwa thanga imene imakwezedwa pa mlongoti. Anthu amawagula kuti azicita nawo mpikisano kapena kuti azikasangalala pamadzi ndi mabanja ao. Funso limene limavuta wogula aliyense ndi limodzimodzi ndi limene limavuta mlimi pofuna ngolo: kodi nditenge yaikuru bwanji?

Mabwato amenewa sali kutali ndi ife monga mmene ena angaganizire. Munthu akaturuka pa cipata ca Mwami, nadzera ku Mchinji ndi Lilongwe, amafika ku Salima m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Pa nyanja imeneyi panayambika mpikisano waukuru wa mabwato amatanga m'caka ca 1984. Mpikisanowo unaikidwa m'mwezi wa July, poyambira kum'mwera ca ku Mangochi kulinga kumpoto, mtunda woposa makilomita 500, ndipo ulendo wake ndi wa masiku monga sabata lathunthu. Opikisana amayenda usana, madzulo nakocheza pamcenga. Mwezi wa July sanausankhe mwangozi. Ndiyo nyengo ya mwera, mphepo yamphamvu yocokera kum'mwera ca kum'mawa, imene imakankha bwato kumbuyo koma imautsanso mafunde aakuru. Anthu a kunyanja amauopa mwera ndipo ali ndi cifukwa: pa 30 July 1946 sitima yocedwa Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anamira.

Mabwato amene anachuka kwambiri pa mpikisano umenewu ndi a mtundu wa Hobie, opangidwa koyamba ndi bambo Hobie Alter a ku California kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Nambala imene imatsata dzinalo imanena utali wa bwato m'mapazi. Hobie 14 ndi wa mamita 4.3, kulemera kwake makilogilamu 109, ndipo anapangidwira munthu mmodzi. Hobie 16 ndi wa mamita 5, m'mimba mwake mamita 2.4, kulemera makilogilamu 145, ndiye kuti pafupifupi matumba atatu a cimanga a makilogilamu 50. Uyu ndi wa anthu awiri, ndipo apangidwa oposa 100,000 pa dziko lonse. Hobie 18 amalemera makilogilamu 180.

Pamapepala kusiyana kwa mapazi awiri kumaoneka kocepa. Pamadzi ndi kwakukuru, cifukwa bwato likatalika, mlongoti umatalikanso ndipo thanga limakula. Thanga lalikuru limagwira mphepo yambiri, ndipo mphepo imeneyo siikankhira bwato kutsogolo kokha, imalikankhiranso cam'mbali kufuna kuligwetsa. Cimene cimaletsa kugwako ndi kulemera kwa anthu okhala mbali yocokera mphepo. Pa mpikisano iwo amadzikoleka pa cingwe cocokera ku mlongoti naima m'mphepete mwa bwato, thupi lonse lili lendee pamwamba pa madzi, kuti kulemera kwao kulimbane ndi mphepo. Motero thanga liri lonse liri ndi muyeso wa thupi umene limafuna. Malamulo a mpikisano wa Hobie 16 kwa anthu akuru amati awiri okweramo asacepere makilogilamu 129 pamodzi, ndipo opepuka kuposa apo amanyamula zitsulo zokwaniritsira.

Apa mpamene pali nkhani yeniyeni, ndipo owerenga athu aimvetse bwino. Bwato lamapasa ndi lokhazikika koposa bwato la thupi limodzi, monga mmene munthu wotangadza miyendo amabvutira kumugwetsa. Koma likapitirira malire ake nkugwa, silidzuka lokha. Limagona cam'mbali, thupi limodzi m'madzi, lina m'mwamba, thanga litayala pamafunde. Okweramo ayenera kukwera pa thupi la m'munsi, kuponya cingwe pamwamba pa linzake, ndi kutsamira cagada ndi mphamvu zao zonse kufikira mlongoti utaturuka m'madzi. Nchito imeneyi siifuna nzeru zokha, imafuna makilogilamu. Amuna awiri amadzutsa Hobie 16 m'kanthawi kocepa. Mwamuna mmodzi wa thupi wamba, kapena bambo ndi kamwana kake ka zaka 8, angakoke mpaka manja kutupa koma bwato liri gone. Akacedwa, mlongoti umamira nuloza pansi, bwato nkukhala cadodolido, ndipo pamenepo ngakhale anthu awiri amafuna thandizo la bwato lina. Pakati pa nyanja ya Malawi, imene m'malo ena ndi yotambalala makilomita 75, thandizo lotero silibwera msanga.

Cifukwa cace wogula wanzeru amayamba ndi sikelo. Adziyese yekha, ayese amene adzakwera naye masiku ambiri, osati amene adzakwera naye kamodzi pa Khirisimasi. Woyenda yekha akhale ndi bwato la mapazi 14. Awiri akuru atenge la mapazi 16. La mapazi 18 ndi la anthu awiri onenepa bwino ndi ozolowera, kapena la banja limene pali akuru awiri nthawi zonse.

Komatu bwato locepa nalonso liri ndi msampha wake, ndipo tisamaliyese lopanda ngozi. Matupi a bwato lalifupi ndi oonda ndipo sanyamula zambiri. Mukakwezamo anthu atatu m'bwato la munthu mmodzi, limatitimira, liwiro limatha, ndipo silimvera tsigiro pokhota. Coopsa cina cimacitika mphepo ikacokera kumbuyo, monga mwera pa ulendo wa kumpoto uja. Thanga limakanikiza mphuno za bwato pansi, ndipo mphunozo zikalowa m'funde liri kutsogolo bwato limaima mwadzidzidzi, kumbuyo nkudzuka, okweramo nkuponyedwa kutsogolo monga wokwera njinga amene gudumu lake lakutsogolo lagwera m'dzenje. Bwato lalitali, lokhala ndi mphuno zonenepa, limakwera funde m'malo molowamo. Nchifukwa cace madzi nawo ali ndi mau posankha: bwato lokwanira pa damu kapena pa doko lobisika lingacepe pa nyanja yoyera.

Wofuna mpikisano ali ndi cina cakuti aganizire. Mabwato a mtundu umodzi amapikisana okhaokha, kuti wopambana apambane ndi luso lake osati ndi thumba lake. Mitundu ikasakanizidwa, oweruza amacotsera kapena kuonjezera nthawi malinga ndi liwiro lodziwika la mtundu uli wonse, kotero kuti wofika woyamba pagombe angathe kulengezedwa wacitatu. Amene agula bwato lalikuru kuposa la anzake poganiza kuti adzawasiya m'mbuyo amangodzipatula. Amasowa wopikisana naye, ndipo cingwe kapena tsigiro likathyoka amasowanso womubwereka. Ndi bwino kuyamba wafunsa kuti pa gombe limenelo mabwato ocuruka ndi a mtundu wanji. Ngakhale pa Masewera a Olympic akuluakulu anatsitsa muyeso. Kuyambira 1976 kufikira 2008 ankapikisana ndi bwato lochedwa Tornado, la mamita 6.1. Pamene mabwato amapasa anabwereranso ku Rio de Janeiro mu 2016, anasankha Nacra 17, la mamita 5.25, loti liziyendetsedwa ndi mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo kukula kwake anakulinganiza ndi kulemera kwa anthu awiri otero.

Kunena zoona, bwato la mpikisano silikomera banja. Pokhala pake ndi nsaru yokungidwa, madzi amakuthirani kosalekeza, ndipo zingwe ndi zambiri. Wofuna kungopitidwa mphepo ndi ana asankhe bwato la matupi onenepa ndi thanga locepa, ngakhale utali uli womwewo. Lidzayenda pang'onopang'ono, koma silidzafulumira kutukula thupi limodzi m'mwamba.

Kumtunda nakonso kuli mayeso. Bwato liyenera kukokeredwa pamcenga madzulo ali onse, ndipo makilogilamu 180 pamcenga wofewa si masewera kwa anthu awiri otopa. Hobie 16 alibe matabwa otsikira pansi pa madzi, motero amafika pagombe osakhudza miyala, pamene Hobie 18 ali nawo ndipo ayenera kukwezedwa nthawi isanathe. Pamseu, bwato la mamita 2.4 m'mimba limakokedwa bwino pa ngolo ya galimoto. Tornado, wa mamita 3 m'mimba, amayenera kumasulidwa kapena kupendeketsedwa.

Kuno kwathu ku Chadiza ndi ku Vubwi tiribe nyanja, koma madamu ndi mitsinje yodzaza m'dzinja tiri nayo, ndipo anyamata ena amayesa kumanga mabwato awiri kapena migolo ndi mitengo yopingasa. Malamulo a madzi ndi omwewo. Matupi awiriwo akhale ofanana utali ndi kulemera, mitengo yopingasa imangidwe kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo thupi liri lonse palokha likhale lotha kunyamula katundu yense, cifukwa anthu akathamangira mbali imodzi kulemera konse kumagwera pa thupi limodzilo. Amene amayala thandala lalikuru pa timigolo tiwiri amakopa anthu ambiri kukwera kuposa amene migoloyo inganyamule.

Aphunzitsi a zamatanga ali ndi mwambo umene wogula aliyense ayenera kuutsata asanalipire. Amatenga bwato pa madzi abata pafupi ndi gombe, onse atabvala majekete oyandamitsa, bwato lina liri pambali, naligwetsa dala. Anthu omwe aja amene adzakwera masiku onse ndiwo amalidzutsa, popanda wina wowathandiza. Likakana kudzuka kawiri, amapita kukayesa la mapazi ocepa.