Magemu Akale Ochokera ku Mafilimu Otchuka

Magemu a pakanema ochokera ku mafilimu anayamba kuchuluka ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene makina a Atari 2600 anali m'nyumba zambiri. Makampani ankadalira kuti filimu ikakopa anthu, dzina lake lokha ligulitsa gemu. Vuto linali makinawo. Atari 2600 inali ndi memori ya mabaiti 128 okha, yochepa moti ndime ino siingakwanemo, ndipo munthu pa sikirini ankangooneka ngati timabokosi tosanjikizana.

Filimu ya Steven Spielberg ya Raiders of the Lost Ark inatuluka mu 1981, ndipo gemu yake, yopangidwa ndi Howard Scott Warshaw, inafika m'masitolo mu 1982. Wosewera amakhala Indiana Jones ku Cairo, akufunafuna Likasa la Chipangano. Amatola chikwapu, amagula chitoliro chomuteteza ku njoka, kenako amafunika fosholo ndi parachuti. Popeza chowongolera cha Atari chinali ndi batani limodzi, Warshaw anakonza zoti wosewera azigwira zowongolera ziwiri, china choyendetsera Jones, china chosankhira ndi kutayira katundu. Gemuyi siinkauza munthu chochita, ndipo ambiri anaisiya asanaone Likasalo.

Chaka chomwecho Warshaw anapatsidwa ntchito yopanga gemu ya E.T. the Extra-Terrestrial. Atari inachedwa kugwirizana ndi eni filimuyo, koma inkafuna gemuyo ipezeke nyengo ya Khirisimasi isanadutse, choncho anamupatsa masabata asanu ndi masiku ochepa okha. Zotsatira zake zinali gemu imene E.T. amangogwera m'maenje, akatuluka n'kugweramonso. Makaseti ambiri anabwezedwa. Mu 1983 malonda a magemu anagwa ku America, ndipo Atari inakakwirira katundu wosagulidwa kudzala la ku Alamogordo, New Mexico. Kwa zaka zambiri ena ankaiyesa nthano chabe, mpaka mu April 2014 pamene malowo anakumbidwa ndipo makaseti a E.T. anapezeka pamodzi ndi a magemu ena. Kunena kuti E.T. yokha ndiyo inagwetsa msika n'kuinamizira, chifukwa msikawo unali utadzaza kale ndi magemu opangidwa mothamanga.

Indiana Jones anachita bwino pa kompyuta. Mu 1989 Lucasfilm Games, nthambi ya kampani ya George Lucas, inatulutsa Indiana Jones and the Last Crusade: The Graphic Adventure. Wosewera amasankha mawu monga "tsegula" kapena "tenga", ndipo atha kumenya nkhonya alonda a chipani cha Nazi kapena kuwapusitsa ndi pakamwa. M'bokosi la gemuyo munalinso kabuku konga ka bambo ake a Jones m'filimumo, kothandiza kuzindikira chikho chenicheni. Mu 1992 kunabwera Indiana Jones and the Fate of Atlantis, imene ambiri amati inaposa zonse, chonsecho nkhani yake siinachokere ku filimu iliyonse, ndipo opanga sankathamangira tsiku loonetsa filimu.

Makina a Sega Genesis ndi Super Nintendo atabwera, zithunzi zinayamba kufanana ndi za m'filimu. Aladdin ya 1993 inatuluka mitundu iwiri. Ya Sega, yopangidwa ndi Virgin Games mothandizana ndi akatswiri ojambula a Disney, inapatsa Aladdin lupanga, pomwe ya Capcom pa Super Nintendo inamusiya akudumpha ndi kuponya maapulo. Okonda magemu akale amatsutsanabe kuti yabwino ndi iti.

The Lion King ya 1994, ya Westwood Studios, imakumbukiridwa chifukwa cha kuvuta kwa gawo lake lachiwiri, mmene Simba amaponyedwa ndi anyani kuchoka mtengo uwu kupita winawo. Louis Castle wa ku Westwood anafotokoza pambuyo pake kuti Disney siinkafuna kuti obwereka gemu m'masitolo obwereketsa afike patali msanga, kuopa kuti saigula. Aladdin ndi The Lion King zitatulutsidwanso pamodzi mu 2019, anawonjezera batani lobwezera gemu m'mbuyo kuti wosewera akonze pamene walakwitsa.