Kucinjiriza Galimoto Yakale ku Dzimbiri

M'makomboni a Lusaka, monga ku Matero, Chawama ndi George, muli amakanika amene amaukitsa magalimoto akale: Peugeot 404, Land Rover, ndi Fiat zimene anayamba kumanga ku Livingstone m'caka ca 1972. Eni ace ambiri amathera ndarama zao pa utoto wonyezimira wa kunja, naiwala pansi pa mipando ndi kunsi kwa boneti. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto yakale imayamba kufera kumene maso saona.

Mdani wace ndiye dzimbiri, limene limabadwa citsulo cikakomana ndi madzi pamodzi ndi mpweya. Zambia ali kutali ndi nyanja ya mcere, cotero magalimoto a kuno sadyeka msanga monga a ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Koma kuyambira November kufikira April kuli mvula, ndipo ku Kanyama, kumene thanthwe liri pafupi pansi pa nthaka, madzi amakhalitsa m'miseu. Matope amakakamira kunsi, makapeti amanyowa, ndipo citsulo cimaola pang'ono-pang'ono.

Nchito yoyamba ndiyo kuyeretsa. Mmisiri acotse mipando ndi makapeti, atsuke mafuta onse, ndi kupala dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepa kufikira citsulo ciwala. Pamene paboola adulepo, naocherere cigamba. Dzimbiri lotsalira m'timaenje alipake mankhwala a asidi wa phosphoric, amene amalisandutsa cikungu cakuda colimba. Utoto wopakidwa pamwamba pa dzimbiri kapena girizi sucedwa kusupuka.

Atatero apake utoto woyamba, umene amisiri amaucha pulaima. Wofiira uja wa red oxide ngwochipa. Wa epoxy, wosanganiza zitini ziwiri, ngwokwera mtengo, koma umatsekereza madzi koposa. Thupi la Land Rover yakale ndi la aluminiyamu, ndipo lifuna pulaima wace-wace woluma citsulo. Koma chesisi yace ndi cipupa ca pakati pa injini ndi woyendetsa nza citsulo wamba, ndipo ndizo zimaola.

Kunsi kwa boneti kuli adani ena atatu. Woyamba ndiye kutentha: paipi yoturutsa utsi, pamene icokera m'injini, imapitirira madigiri 500, ndipo utoto wamba umapserera, pafunika utoto wopirira moto. Waciwiri ndiye asidi wa m'batire, amene amadya mbale yokhalapo batire. Mbaleyo itsukidwe ndi madzi a soda wophikira isanapakidwe. Wacitatu ndiwo mafuta a mabuleki, amene amasupula utoto. Cotero pamene padontha pakonzedwe poyamba. Phula lakuda liyenera kunsi kwa galimoto kokha, pamwamba pa pulaima, pakuti pafupi ndi injini limafewa, ndipo petulo amalisungunula.

M'kati mwa galimoto, mizere yolumikiza zitsulo imatidwe ndi phala lace, kuti madzi asalowe pakati. M'kati mwa zitseko ndi mwa chesisi, mmene burashi singafike, apoperemo sera wamadzi-madzi wopangidwira nchitoyi. Timabowo ta kunsi kwa zitseko tikhale totseguka, pakuti ndito toturukira madzi a mvula. Ena amathiramo oilo wakutha wa m'injini. Koma uyu amaononga mphira, nadetsa nthaka ya pakhomo.

Mmisiri asamalenso moyo wace. Utoto wina wakale uli ndi mtobvu. Mgodi wa mtobvu wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi lace lidwalitsabe ana a kumeneko. Cotero wopala utoto wakale anyowetse sandipepa, abvale cotseka mphuno ndi pakamwa, ndipo ana asasewere pafupi. Utoto wosanganiza zitini ziwiri ukapoperedwa umapweteka mapapu, ndipo kansaru komanga kumphuno sikakwanira. Anthu a ku migodi adziwa kale kuti mapapu akaonongeka sabwerera.

Nyengo yabwino ya nchitoyi ndiyo cilimwe, mame a mmawa atauma; mwezi wa August, wa mphepo ndi pfumbi, awaze madzi pabwalo asanayambe. Mwini galimoto amene ndarama zace nzocepa ayambe ndi pansi ndi kunsi kwa boneti mvula ya November isanagwe. Utoto wa kunja ungathe kudikira caka ca mawa.