PAKAMWA PAKAPOTOKA, YAMBANI MWAYANG'ANA DISO

MUNTHU agona bwino-bwino usiku, koma m'mawa posukusula aona kuti madzi atuluka okha pambali ya milomo, tiyi atayikira pa malaya, ndipo akati aseke pakamwa pathawira mbali imodzi. A m'nyumba onse maso amakhala pakamwapo. Ena ayamba kunong'ona za ufiti, ena akuti ndi sitiroko, ena akuti mphepo inamuomba pamene anakhala ku windo la minibasi. Mkangano uli mkati, palibe amene aona kuti diso la mbali yomweyo laleka kutseka. Mwa anthu ambiri pakamwa pabwerera m'malo mwake pakapita milungu kapena miyezi. Koma diso likacita cilonda ndi kusiya cipsera coyera, cipseraco sicicoka.

Nkhope ya munthu iyendetsedwa ndi mitsempha iwiri yocokera ku ubongo, wina kumanja wina kumanzere. Iyi si mitsempha ya magazi ai, ndi yonyamula mauthenga monga nthambo za magetsi. Uliwonse udzera m'kanjira kopanikiza m'kati mwa fupa la khutu, ndipo ukatulukira kunsi kwa khutu ugawika nthambi zopita pamphumi, ku zikope, ku tsaya ndi ku milomo. Mtsempha ukatupa m'kanjirako usowa kofutukukira pakuti fupa silitanuka. Tsono ufinyika, mauthenga aleka kudutsa, ndipo mbali yonse ya nkhope igwa.

Madotolo achula matendawa kuti Bell's palsy, dzina locokera kwa Charles Bell, dotolo wa ku Scotland amene analongosola nchito ya mtsempha umenewu mu 1821. Akatswiri ambiri aganizira kadoyo ka herpes, komwe kaja kabweretsa tizilonda pa milomo munthu akadwala malungo kapena cimfine, kuti ndiko kawiri-kawiri katupitsa mtsempha. Matendawa agwira aliyense, koma apezeka kwambiri mwa odwala shuga ndi mwa amai amene ali m'miyezi itatu yotsiriza ya pakati kapena angocira kumene.

Cifukwa ninji diso likhala cotsegula? Mnofu wokweza cikope ulamulidwa ndi mtsempha wina, umene uli bwino-bwino. Mnofu wotseka diso, umene uzungulira diso monga mphete, ndiwo ulamulidwa ndi mtsempha wodwalawo. Citseko cikhoza kutseguka, wocitseka ndiye palibe.

MISOZI YONAMIZA

Munthu wabwino-bwino aphethira nthawi 15 kufikira 20 pa mphindi imodzi, iye osadziwa. Kuphethira kulikonse kupaka misozi pa kagalasi ka diso, kakhungu koonekera kaja kamene kakuta mwana wa diso, ndi kusesa fumbi lomwe lagwerapo. Kagalasi aka kalibe mitsempha ya magazi. Kadalira misozi kuti kakhale konyowa, kosalala ndi kotetezedwa ku tizirombo.

Misozi ikagwira nchito yake ituluka kudzera pa timabowo tiwiri tating'ono tomwe tili pa ngodya ya zikope, kufupi ndi mphuno, ndi kutsikira m'mphuno. Ndico cifukwa cake munthu akalira amina. Cimene cikankhira misozi m'timabowoto ndi kuphethira komwe. Nkhope ikafooka cikope ca m'munsi cilendewera, kabowo kacoka pamalo pake, ndipo misozi isowa njira. Idzaza m'cikope ndi kutsikira pa tsaya tsiku lonse.

Apa ndipo mabanja ambiri anamizika. Aona misozi pa tsaya ndi kunena kuti diso lili ndi madzi okwanira. Koma madziwo angodutsa m'munsi, pakati pa diso pakuuma cifukwa palibe cikope cowapaka. Ndiponso diso likauma liwawa, ndipo likawawa litulutsa misozi ina yambiri, imene nayonso ingotayika. Mwa odwala ena zinthu zili mwina: nthambi ya mtsempha womwewo ndiyo ituma kaciwalo kopanga misozi, kamene kali pamwamba pa diso cakunja, kotero mtsempha ukafinyika pafupi ndi ubongo misozi icepa kweni-kweni. Njira zonse ziwiri zifikitsa pamodzi, pa diso louma.

Wodwala akayesa kutsinzina, diso litembenukira kumwamba ndipo paoneka poyera pokha. Ana athawa, akulu agwira pakamwa. Musaope. Maso a anthu ambiri acita cimodzi-modzi potsinzina, kungoti zikope zibisa. Ndi njira ya thupi yobisira kagalasi, ngakhale kuti payokha siikwanira.

Usiku ndiyo nthawi yoopsa koposa. Wodwala aganiza kuti watseka maso onse awiri, pamene limodzi latsala ndi mpata maola onse a tulo. Iye sangadzione yekha. Wina wa m'nyumba adikire mpaka agone, atenge toci ndi kuyang'ana.

M'makomboni mwathu diso lotere likumana ndi zambiri. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, mphepo inyamula fumbi m'misewu ya mu Kanyama, George ndi Chawama, ndipo munthu wabwino-bwino amene afika panyumba maso ali psuu. Nanga amene sangathe kuphethira? Onjezani utsi wa mbaula m'nyumba ya cipinda cimodzi, fumbi la malasha kwa ogulitsa pa msika, tizidutswa ta miyala kwa amai ophwanya miyala, simenti kwa oumba mabuloko, ndi tizitsulo touluka kwa anyamata oocherera mafelemu m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata mu Kalingalinga. Kunena kuti munthu aleke nchito mwezi wathunthu ndi kosavuta polemba m'nyuzipepala, koma ana afuna nsima. Amene sangathe kupumula asayandikire nchito zotere popanda magalasi okuta diso mpaka m'mbali.

ZOCITA PANYUMBA

Masana diso lifuna mankhwala odontheza amene acipatala achula kuti misozi yopanga, ndipo pamene diso silitseka konse adonthezedwa pafupi-pafupi, ngakhale ola lililonse. Pakati pake wodwala asambe m'manja, ndi kutsitsa cikope ca m'mwamba ndi cala pang'ono-pang'ono kangapo, monga kuphethira kwa dala. Potuluka panja abvale magalasi.

Pogona aike mankhwala a m'maso a mafuta amene dotolo walemba, atsitse cikope ndi cala mpaka diso litatsekeka, ndipo wina amate kapulasitala kofewa ka pepala mopingasa pa cikopeco. Diso liyambe latseka, pulasitala pambuyo. Kuika thonje kapena kansalu pa diso lotsegula ndi kumanga bandeji ndi kulakwa kwakukulu, cifukwa diso litseguka kunsi kwake ndipo nsalu ikanda kagalasi usiku wonse. Pemphani namwino akuonetseni kamatidwe kake musanacoke pa kiliniki.

Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a masamba otikita, mkodzo kapena phulusa zisalowe m'diso, ngakhale amene wakuuzani akhale mkulu wolemekezeka. Kagalasi kouma kali ndi timing'alu, ndipo tizirombo tilowera pomwepo. Cimodzi-modzi mankhwala odontheza ogula pa kantemba kapena otsala kwa mnansi. Ena a iwo ali ndi steroid, amene acotsa kufiira tsiku limodzi pamene cilonda cikukumba pansi.

MASIKU ATATU OYAMBA

Pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Cifukwa coyamba ndi cakuti si pakamwa ponse popotoka pamene pali Bell's palsy. Dotolo adzapempha wodwala kukweza nsidze. Mu Bell's palsy mbali yodwalayo ya mphumi siicita makwinya, ndipo diso silitseka. Mu sitiroko kawiri-kawiri mphumi icita makwinya mbali zonse, kagwa ndi kunsi kwa nkhope kokha. Ngati dzanja kapena mwendo wafooka, mau asokonezeka, munthu apepesuka poyenda kapena aona zinthu ziwiri-ziwiri, musataye nthawi ndi kuyesa nsidze. Funani galimoto nthawi yomweyo.

Cifukwa caciwiri ndi mapiritsi a prednisolone, amene aphwetsa kutupa kwa mtsempha ngati ayambidwa maola 72 asanathe. Pa kafukufuku wa ku Scotland amene anafalitsidwa mu 2007, mwa anthu 100 alionse amene anamwa mankhwalawa, 83 anali atacira kotheratu pa miyezi itatu, pamene mwa amene sanamwe anacira ndi 64. Pa miyezi 9 anali 94 kwa 82. Tsono masiku atatu amene banja lithera kwa ng'anga kapena kudikira malipiro a pa mwezi ndiwo masiku amene mankhwala akanathandiza koposa. Mapiritsiwa akweza shuga ndi BP, ndiye asamwedwe popanda kupimidwa.

Cacitatu, dotolo afuna kuona m'khutu ndi pakhungu. Khutu lotuluka mafinya likhoza kudya mtsempha, maka-maka mwa ana. Matuza oocha ngati moto m'khutu kapena m'kamwa asonyeza herpes zoster, ndipo mtundu uwu, umene dotolo wa ku America Ramsay Hunt anaulongosola mu 1907, ucira mobvutirapo ndipo ufuna mapiritsi ena olimbana ndi kadoyo. Khate nalo lifooketsa zikope, ndipo loipirapo ndi lakuti licititsanso dzanzi pa diso, munthu osamva kuwawa pamene cilonda cikukula. Mukapemphedwa kupimitsa shuga ndi HIV musakhumudwe. Nkhope ikhoza kugwa pamene kadoyo ka HIV kangolowa kumene m'thupi, ndipo kudziwa msanga ndiko kuyamba ma ARV thupi lisanafooke.

Okhala mu Kalingalinga, Mtendere ndi George ayambire pa kiliniki ya m'dera lao, pamene Kanyama, Matero ndi Chawama ali ndi zipatala zao. Kumeneko alemba kalata yopita ku cipatala ca maso ca UTH kapena ku Levy Mwanawasa ngati diso lifuna akatswiri. Musadikire tsiku lobwererako ngati diso lafiira, liwawa monga muli mcenga, liopa kuwala, licita manthongo, liona mwa cimbuuzi, kapena paoneka kadontho koyera pa mwana wa diso. Cilonda ca pa kagalasi cikula m'masiku owerengeka.

Diso likakana kutseka kwa nthawi yaitali, madotolo a maso akhoza kusoka zikope ziwiri pang'ono ca kumbali kuti mpata ucepe. Odwala ambiri acita mantha akamva za nsingano pa diso, koma ndi opaleshoni yaing'ono, munthu apenyabe, ndipo zikope zikhoza kumasulidwa mtsempha ukacira.

Ambiri ayamba kuona kusintha milungu itatu isanathe, ndipo pafupi-fupi anthu 7 mwa 10 acira kotheratu ngakhale opanda mankhwala. Pulasitala ndi mafuta a usiku zisalekedwe cifukwa cakuti pakamwa paongoka. Zilekedwe pamene wa m'nyumba waona ndi toci kuti diso litseka lonse m'tulo.

Mwa ocepa, patapita miyezi, pabwera cinthu codabwitsa. Munthu akhala pa mbale ya nsima, ndipo akangoyamba kutafuna diso limodzi liyamba kugwetsa misozi. Ena diso litsinzina lokha akamaseka. Cimene cacitika ndi cakuti mtsempha pophukanso, timaulusi take tina tasocera: tomwe tinayenera kupita ku ziwalo zopanga mate tafika ku kaciwalo kopanga misozi. Madotolo achula zimenezi kuti misozi ya ng'ona, potsata nthano yakale yakuti ng'ona ilira pamene ikudya nyama yake, ndipo dotolo wina dzina lake Bogorad anazilemba m'mabuku a zamankhwala mu 1928. Siziononga diso. Zikasautsa kwambiri pa anthu, akatswiri a maso ali ndi jekiseni wa botulinum wolasa pa kaciwaloko, amene acepetsa misozi kwa miyezi ingapo ndipo abwerezedwa mphamvu yake ikatha.