Zomera Zoyenera Kubzala Pakhomo

Mvula yoyamba ikagwa, anthu ambiri amabzala maluwa ndi timitengo pakhomo kuti nyumba ioneke bwino. Ichi nchinthu chabwino, pakuti mizu imagwira dothi kuti lisakokoloke ndipo m'chilimwe fumbi limachepa. Koma pakhomo pomwepo ndi pamene mwana amaphunzirira kukwawa, ndipo chilichonse chimene watola chimathera m'kamwa. Motero posankha chobzala, makolo ayambe aganizira za mwanayo.

Nkhadze imagwira msanga ndipo ziweto sizikonda kuidya, nchifukwa chake ambiri amaibzala ngati mpanda. Kuipa kwake ndi utomoni woyera uja umene umatuluka nthambi ikathyoka. Utomoniwu ukalowa m'diso umaotcha koopsa, mwakuti munthu angathe kukhala masiku angapo osaona bwino. Zikatero, diso litsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka wovulalayo apite kuchipatala. Ena amadontheza mkaka wa m'mawere m'disomo, koma timadontho totere sitingachotse utomoni wonse.

Nsatsi nazonso zisamere pafupi ndi khomo. Njere zake nzamawangamawanga, zokopa ana, koma mwana akatafuna ngakhale zochepa amasanza ndi kutsegula m'mimba, mwinanso kufa kumene. M'matauni muli duwa lina lochokera kunja lotchedwa oleander, la masamba aatali osongoka, limene masamba, maluwa ndi nthambi zake zonse nzapoizoni. Mwana akadya chomera chokayikitsa, makolo athyole kanthambi kake popita naye kuchipatala kuti adokotala achizindikire.

M'malo mwa izi pangabzalidwe mandimu, magwafa, mapapaya kapena chammwamba, chimene masamba ake ndi ndiwo yabwino. Mitengo yotere italikirane ndi khoma mamita 3 kapena kuposerapo, kuti mizu isang'ambe maziko ndiponso kuti dzuwa liziumitsa khoma mvula ikakata.

Timitengo tating'ono ta m'mbali mwa njira yolowera tizisadzidwa kunsi, kuti munthu aziona pansi pake ndi kusesapo mosavuta. Tikawirira, mumabisala makoswe, ndipo njoka imatsata makoswewo mpaka pachitseko. Udzudzu nawo umausa m'malo amthunzi otere masana, nkulowa m'nyumba kukada.

Pomaliza kubzala, dzenje likwiriridwe bwino, pasatsale pokumbika pamene madzi angamagone. Udzudzu wa malungo umaikira mazira m'zithaphwi ngakhale zazing'ono, ndipo nyengo yotentha pamangopita masiku pafupifupi 10 kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Zitini ndi miphika yakale yobzalamo maluwa pakhonde ibooledwe pansi, ndipo madzi otsukira mbale azithiridwa pa mitengo mosinthasintha, lero apa mawa apo, kuti azilowa pansi tsiku lomwelo.