Mpamba ndi phindu: uphungu umene amalonda a ku Kalomwe akusowa

Munthu akafika m'mamawa pa chipata cha Kalomwe, pamene dziko la Mozambique lachita malire ndi boma la Dedza, amapeza malonda atayamba kale. Matumba a mbatata ya kachewere ndi nyemba amakhala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu, amayi akuyala tomato ndi kabichi, anyamata akukankha njinga zolemedwa ndi katundu. Ambiri mwa iwo ndi abale ndi alongo athu amene timakhala nawo m'tchalitchi Lamulungu. Ndi anthu akhama, koma mutawafunsa kuti mwezi wathawu anapindula ndalama zingati, ndi ochepa amene angayankhe mosakayika.

Kawirikawiri timati vuto lathu ndi kusowa mpamba. Koma akuluakulu akukumbukira ndalama zija zinkatchedwa "sete milhões". Kuyambira mu 2006, boma la Pulezidenti Armando Guebuza linkapereka mametikali 7 miliyoni pa chaka ku distrito iliyonse, ndipo patapita nthawi ndalamazi zinayamba kubwerekedwa kwa anthu kuti alime chakudya ndi kutsegula mabizinesi. M'dziko lonse, zimene zinabwezedwa zinali zochepa kwambiri. Ena anaziyesa mphatso ya boma, ena anazilandira chifukwa chodziwana ndi akuluakulu. Komabe panalinso anthu oona mtima amene anagwa chabe chifukwa panalibe wowaphunzitsa kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Ndalama ya pa okala inkagula ndiwo, kulipira sukulu ndi kuthandiza pa maliro, mpaka tsiku lina mashelefu anapezeka ali mbee!

Pa Kalomwe pali vuto linanso limene wamalonda wa mumzinda wa Tete sakumana nalo tsiku ndi tsiku, ndilo kugwira ndalama za mitundu iwiri. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 pa dola imodzi. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene anakongoza mbatata yake m'makwacha, pamene mbewu ndi feteleza amagula m'mametikali, anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa ngongoleyo, ngakhale wokongolayo anabweza yonse osaperewera tambala. Mlangizi wabwino akadamuuziratu kuti ngongole aziilemba m'ndalama imene amaodera katundu, ndiponso kuti asasunge makwacha ambiri m'nyumba kwa nthawi yaitali.

Nanga uphungu wotere ungapezeke kuti? Ku Ulongwe, likulu la Angónia, kuli ofesi ya boma yoona za chuma yotchedwa SDAE, imene ilinso ndi alangizi a zaulimi. Mu 2008 boma linakhazikitsa bungwe la IPEME kuti lizithandiza mabizinesi ang'onoang'ono ndi maphunziro ndi malangizo, ndipo bungwe la Gapi, limene linayamba mu 1990, limadziwika ndi kuphatikiza ngongole ndi maphunziro. Tinene mosabisa kuti mabungwe otere amaonekera kwambiri m'mizinda kusiyana ndi kumidzi, ndiponso zikalata zawo zimalembedwa m'Chipwitikizi, chinenero chimene amayi ambiri a pamsika sawerenga. N'chifukwa chake kupita pagulu, mutatengana ndi wina wodziwa kuwerenga, kumathandiza kuposa kupita wekha.

Nkhani ya msonkho nayo imaopsa ambiri popanda chifukwa chenicheni. Mu 2009 kunakhazikitsidwa msonkho wosavuta wa amalonda ang'onoang'ono wotchedwa ISPC, umene pa nthawiyo unali 3 peresenti ya zogulitsa. Malamulo amasintha, choncho ndi bwino kukafunsa ku ofesi ya msonkho mlingo wa chaka chino, ndi kutenga nambala ya NUIT, imene mabanki amafuna munthu akamatsegula akaunti.

Koma sukulu imene ili pafupi kwambiri ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene anzathu a ku Dedza amawatcha banki mkhonde. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991. Ubwino wake waukulu, m'kuona kwathu, suli m'bokosi la maloko atatu lija, koma m'kaundula amene amawerengedwa poyera pa msonkhano uliwonse. Mayi amene wazolowera kumva masheya ake akuwerengedwa savutika kugula kope lake n'kumalemba zimene waoda, zimene wagulitsa, zimene wakongoza ndi zimene watapa kupita nazo kunyumba. Mzere wachinayiwu ndi umene ambiri amauiwala.

Mipingo yathu ili ndi asungichuma, aphunzitsi ndi achinyamata amene anamaliza sukulu. Mmodzi wa iwo atapatula ola limodzi Lachinayi, amayi a chigwirizano akatha mapemphero, akhoza kukhala pansi ndi amalonda asanu ndi makope awo, n'kuwerengera limodzi mtengo weniweni wa thumba la mbatata kuyambira kumunda, ganyu, thumba lenilenilo, njinga, mpaka tikiti ya pamsika.