Mafuwa Atatu a Moto

Acikumbi anzanga a ku Cikwawa ndi ku Nsanje, mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Momwemonso moto suyaka popanda zinthu zitatu: cakudya cace, mpweya, ndi kutentha. Mukacotsa cimodzi, moto wafa.

Cakudya ca moto ndico udzu, mapesi, bango la ku madambo a Shire, ndi fodya wouma m'cigafa. Cinthu copyapyala cigwira moto msanga, cifukwa citentha conse nthawi imodzi ndipo mpweya ucizinga mbali zonse. Cipika ca tsanya cicedwa kuyaka. Tsekera wouma sacedwa. Udzu wauwisi ukana moto, pakuti kutentha kuyamba kwathera pa kuumitsa madzi ali m'kati mwace. Ndico cifukwa cace moto wa mu June uyenda mwaulesi, koma wa mu October, pamene ku Ngabu kutentha kupitirira madigiri 40, uthamanga osaimika. Dzuwa latha kale theka la nchito, ndipo kakhala kamodzi ka m'mbale ya mwana wokatenga moto kwa mnansi kakwanira.

Za mpweya amai adziwa, popeza auzira moto tsiku ndi tsiku, nauzima poukwirira ndi dothi. Mphepo icita zoipa zitatu: ibweretsa mpweya watsopano, iweramitsa malawi pa udzu wa kutsogolo, ndipo iulutsa masamba oyaka kukagwera pa tsindwi la nkhokwe. Pa citunda, monga pokwera ku Cididi, malawi aocha udzu wa kumtunda asanaufike. Musaime konse kumtunda kwa moto.

Tsono mphepo sitingaimange, dzuwa la kuno sitingaliziziritse. Pfuwa limene liri m'manja mwathu ndilo cakudya. Lambulani ndi khasu pozungulira nkhokwe, cigafa ndi khola, mpata wa mapazi khumi kapena kuposa, osasiya ciputu ca udzu. Ena alambula bwino, koma aunjika udzuwo m'mphepete momwemo. Kutero ndiko kuupakulira moto nsima.

Mitengo ya thonje muizule ndi kuiocha, kuti mbozi zisowe pokhala, koma muiunjike pakati pa munda ndi kuyatsa m'mamawa kapena madzulo mphepo itagona, anansi atauzidwa, nthambi zauwisi ziri pafupi. Mapesi a cimanga ndi a mapira musaoche; ndiwo cakudya ca nthaka ndi ca ng'ombe. Ndipo anyamata okumba mbewa muwalande macesi asanacoke pa mudzi.