Dilipi ndi Mitsempha: Zomwe Woyang'anira Wodwala Ayenera Kudziwa

Achinyamata anzanga, m'bale wathu akadwalika kuno ku Kasinje n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma ku Ntcheu, kawirikawiri amene timakamudikirira ndife. Timaphika, timachapa, timamusambitsa. Koma pali ntchito ina yofunika imene ambiri sitiidziwa: kuyang'anira pamene alowetsa dilipi.

Kodi kanula n'chiyani?

Kanula ndi kapaipi kakang'ono ka pulasitiki kamene namwino amalowetsa mu mtsempha wa pamkono. Singano imangothandiza kuboola ndipo amaichotsa nthawi yomweyo. Chotsala ndi kapaipi kofewa komwe madzi, magazi ndi mankhwala zimadutsiramo.

Kodi kamakhala masiku angati?

Kwa zaka zambiri zipatala zinkasintha kanula pakatha masiku atatu kapena anayi. Mu 2012 kafukufuku wa ku Australia, wa odwala akuluakulu oposa 3,000, anapeza kuti anthu 7 pa 100 aliwonse anatupa mtsempha, kaya kanula kanasinthidwa pa masiku oikikawo kapena kanasiyidwa mpaka pataoneka chifukwa chokachotsera. Choncho kuwerenga masiku kokha sikokwanira. Chachikulu ndi kuyang'ana malowo tsiku ndi tsiku, ndi kuchotsa kanula kakangotha ntchito yake.

Chimaononga mtsempha n'chiyani?

Zinthu zake ndi zitatu. Choyamba, kapaipi kamakhula mkati mwa mtsempha ngati kakugwedezeka. Chachiwiri, mankhwala ena ndi aukali ndipo amaotcha mtsempha. Chachitatu, tizilombo ta pakhungu timalowera pachiboolo. Mtsempha umatupa, umauma ngati chingwe, mwinanso kutsekeka. Tizilombo tikafika m'magazi, munthu angathe kumwalira.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi HIV?

Munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV ndipo chitetezo chake chatsika kwambiri salimbana bwino ndi tizilombo totere. Komanso anthu otere amagwidwa ndi mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, wotchedwa cryptococcal meningitis. Mankhwala ake, amphotericin B, amaperekedwa pa dilipi ndipo amadziwika ndi kutupitsa mitsempha. Kale munthu ankalandira mankhwalawa masiku 14, kenako anachepetsa kufika pa masiku 7. Mu 2022, potsatira kafukufuku wa AMBITION amene anachitikanso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, bungwe la WHO linalangiza mtundu wina wa mankhwalawa woperekedwa kamodzi kokha pa dilipi, pamodzi ndi mapiritsi omwa masiku 14. Pa njira imeneyi odwala otupa mitsempha anali ochepa.

Zizindikiro zoti tiuze namwino msanga:

1. Kuwawa kapena kuotcha pamene mankhwala akulowa.
2. Kutupa, kufiira kapena kutentha pakhungu. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho yerekezani ndi mkono winawo.
3. Mtsempha wouma ngati chingwe.
4. Mafinya kapena madzi otuluka pansi pa pulasitala.
5. Dilipi yasiya kudontha.
6. Kutentha thupi kapena kunjenjemera kwadzidzidzi.

Zoyenera kuchita ndi kupewa

Kumbukirani tsiku limene anaika kanula. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire mkonowo. Posambitsa wodwala, pulasitala asanyowe. Musatsegule kapena kutseka dilipi nokha, musazule kanula, ndipo musapakepo mankhwala azitsamba kapena mafuta. Magazi akatayika, musawagwire ndi manja opanda magolovesi. Wodwala akatulutsidwa, onetsetsani kuti kanula kachotsedwa, pokhapokha ngati adokotala anena kuti katsale. Mukafika kunyumba pitirizani kuyang'ana malowo kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pakatupa pitani msanga ku chipatala cha Kasinje.

Musaope kufunsa. Kunena mwaulemu kuti, "Anamwino, mkono wa amayi watupa, taonaniko," si mwano ayi. Namwino mmodzi amasamalira odwala ambiri, ndipo maso anu amamuthandiza.

Pomaliza, njira yabwino yopewera mavutowa ndi kusafika podwalika chotere. Tiyeni tiyezetse magazi. Tikapezeka ndi kachirombo tiyambe ma ARV msanga ndi kumwa mwandondomeko tsiku lililonse. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wa kalabu yanu sabata ino.